Malowa Ndi a Ndani? Mawu kwa Achinyamata a kwa Nsamala Ofuna Ntchito Yogulitsa Malo ndi Nyumba



Mwandipempha kuti ndiyankhule za ntchito yothandiza anthu kugula, kugulitsa ndi kubwereketsa malo ndi nyumba: mmene munthu angaiyambire, ndi mmene angakhalitsire nayo mpaka kumera imvi. Ndikudziwa chimene chakopa ambiri a inu. Mwaona mnzanu wina amene munkakhala naye pa benchi imodzi ku sekondale, lero akuyenda pa njinga yamoto, foni ili kukhutu, akuloza mapuloti uku ndi uku, ndipo mwamva kuti pa tsiku limodzi adapha ndalama imene mphunzitsi amalandira pa mwezi. Nkhaniyo mwina ndi yoona. Chimene simudamve ndi chakuti patapita miyezi ingapo mnzanuyo amazemba njira yodutsa kumsika, chifukwa puloti ija idapezeka kuti ili ndi eni ake awiri.

Tiyambe ndi chifukwa chimene malo a kuno ayamba kukhala ndi mtengo. Makolo athu sankagula malo. Munthu ankapita kwa amfumu ndi nkhuku, amfumu n'kumulozera poyambira ndi pothera. Pa kalembera wa 1966 Amalawi tidalipo pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tidapitirira 17.5 miliyoni, koma dziko ndi lomwe lija, silidatambasuke ndi phazi limodzi lomwe. Boma lathu la Balaka lidadulidwa ku Machinga mu 1998, ndipo kubwera kwa maofesi a boma kudabweretsa ogwira ntchito ofuna nyumba za lendi. Pofika 2018 m'boma lino mudali anthu oposa 430,000. Onjezanipo pamene takhala: msewu wa M1 ukudutsa pa Chingeni, wa M8 ukuchoka pamenepo kudzera pa tauni yathu kulowera ku Liwonde, njanji ikudutsa pakati pathu, ndipo pa Nkaya ndi pamene imakumana ndi yopita ku Nacala. Ku phiri la Kangankunde kampani ya Lindian ya ku Australia ikukonza zokumba miyala ya mtengo wapatali. Palinso kugwa kwa Kwacha. Idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Aliyense amene adali ndi kandalama kubanki adaphunzira nthawi imeneyo kuti ndalama imasungunuka, puloti sisungunuka. Choncho ogula alipo, ndipo azichulukirachulukira.

Ogula akachuluka, madobadoba nawonso amachuluka. Sindikuwanyoza, poti ambiri ndi ana athu omwe, njala ndi imene idawatuma. Koma dobadoba ntchito yake imathera pamene ndalama yasintha manja. Akalandira yake amazimitsa foni. Inu ngati mukufuna kuti ntchitoyi ikudyetseni zaka makumi awiri, dziwani kuti wogula sakukulipirani chifukwa chomuonetsa malo. Malo angathe kuwaona yekha, ali ndi maso. Akukulipirani chifukwa cha yankho la funso limodzi limene iye sangathe kulipeza payekha: malowa ndi a ndani, ndipo amene akugulitsayu ali ndi mphamvu yogulitsa? Katundu wanu weniweni ndi yankho limenelo. Ndikhala nthawi yaitali pa funso limeneli chifukwa kuno kwa Nsamala ndi pamene pamagwera anthu.

Kwathu kuno mabanja ambiri ndi a chikamwini. Mwamuna amakakhala kwa mkazi, munda ndi wa mbumba, umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi, ndipo woyang'anira ndi mwinimbumba, malume wa anawo. Tsono tayerekezani: kwabwera bambo wa ulemu wake, wavala jekete, akuti ndikugulitsa ekala imodzi, ndalima pamenepa zaka makumi atatu, funsani aliyense. Mukafunsa, aliyense avomeradi kuti bamboyo amalima pamenepo. Sakunama. Koma iye ndi mkamwini. Kulima zaka makumi atatu sikumusandutsa mwini. Mukamulipira, mudzaona alamu ake akutulukira wogula atayamba kale kuumba njerwa, ndipo mlandu wake udzakhala pa inu, poti wogulayo bambo uja samudziwa, amadziwa inu. Mwinimbumba nayenso payekha sakwanira. Alipo amalume amene amagulitsa munda wa alongo awo mwakachetechete, ndalama n'kukathera ku Liwonde. Muyenera kukhala pansi ndi amayi a pamudzipo, eni nthaka enieni, n'kumva pakamwa pawo kuti avomera. Funsaninso za amene kulibe: mwana wamkazi amene adakwatiwa ku Lilongwe, mdzukulu amene ali ku Joni. Anthu amene kulibe ndi amene amadzabweretsa milandu.

Ena a inu mukuti, koma amfumu akasaina ndi kudinda chidindo, nkhani yatha. Mafumu athu ali pompano, andikhululukire, koma iwonso akudziwa kuti malamulo adasintha. Kuyambira 1965 tinkayendera lamulo lakale la malo. Mu 2002 boma lidatulutsa ndondomeko yatsopano ya malo, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza malamulo atsopano, kuphatikizapo Land Act ndi Customary Land Act, amene adakonzedwanso mu 2022. Pansi pa malamulo amenewa, nkhani za malo a makolo zimadutsa ku komiti ya malo ya kwa gulupu. Wapampando ndi agulupu, ndipo pamakhala anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, atatu mwa iwo kapena kuposerapo amayi. Banja kapena munthu angathe kulembetsa malo ake a makolo n'kulandira chikalata cha umwini. Mikangano ili ndi mabwalo ake, kuyambira kwa mfumu yaikulu, kupita pa boma, mpaka ku likulu. Ntchito yolembetsayi sidafike paliponse mofanana, n'chifukwa chake muyenera kupita ku ofesi ya zamalo ku khonsolo kukafunsa mmene zilili m'dera limene mukugwiramo ntchito. Kusintha kwa 2022 kudatsekanso khomo logulitsa malo kwa munthu amene si nzika ya Malawi. Akakupezani mlendo wa ndalama zake n'kunena kuti tilembe dzina la mnyamata wanga wantchito, mukaneni. Tsiku limene zidzaululike, dzina lanu lidzakhala pa pepala limenelo ngati mboni.

Malo a lizi ali ndi njira yawo, ndipo ndi yosavuta kuitsata ngati simuchita ulesi. Musakhulupirire fotokope. Tengani nambala ya chikalatacho mukafufuze ku kaundula wa malo wa unduna wa zamalo. Kumeneko mudzaona dzina la mwini, zaka zimene zatsala pa lizi, ndiponso ngati malowo adaperekedwa chikole kubanki. Nyumba zambiri zokongola zimene eni ake amafuna kugulitsa msangamsanga zimakhala ndi ngongole kumsana. Onani ngati msonkho wa pachaka wa malowo ukulipiridwa. Kusintha umwini kumafuna chilolezo cha unduna, chikalata cha MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndi loya wolemba mapepala. Inu si loya, ndipo si inu saveya. Dziwani loya mmodzi ndi saveya mmodzi wovomerezeka amene mungamagwire nawo ntchito, ndipo musachite manyazi kuuza wogula kuti apa pafunika iwowo.

Pali mtundu wina wa malo umene ndimauopa kuposa yonse: malo a masiye. Bambo wamwalira, maliro asanazizire mchimwene wake wayamba kale kufunsa mitengo ya nyumba. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidaika mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wa kupolisi. Wogulitsa nyumba ya malemu ayenera kukhala ndi chikalata chomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Popanda chimenecho, ngakhale alire misozi yotani, bwererani. Ndaonapo ana amasiye akutulutsidwa m'nyumba ya bambo awo, ndipo amene adabweretsa wogula adali mnyamata wa m'dera lomwelo, wopemphera nawo tchalitchi chimodzi. Komishoni imeneyo sindikudziwa kuti adaidya bwanji.

Mbiri ya malo nayonso muidziwe. Pakati pa 2004 ndi 2011 padali ntchito ya Kudzigulira Malo, imene idasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, kukakhala pa minda imene idagulidwa kwa eni maesiteti ku Machinga ndi ku Mangochi, kenaka ku Balaka kuno ndi ku Ntcheu. Malo amenewo adaperekedwa ku magulu, ndipo mapepala ake ndi a gulu. Munthu mmodzi wa m'gulumo akafuna kugulitsa gawo lake n'kubwerera kwawo, musathamangire. Kafunseni kaye ku ofesi ya zamalo.

Tsopano za miyendo. Ntchito iyi ndi ya nsapato, ndipo nsapato zake zimatha m'dzinja. Puloti iliyonse imakongola mu Okutobala. Pitani mukaione mu Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tonse tikukumbukira madzi a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023, ndipo tikudziwa zimene mtsinje wa Rivirivi umachita ukakwiya. Funsani agogo a pafupi kuti madzi adafika pati. Yang'anani dothi. Malo ambiri kuno ndi a makande, amene amatupa m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, ndipo nyumba yomangidwa ndi maziko wamba pamenepo imachita ming'alu isanathe zaka zitatu. Sindikuti malo otere asagulitsidwe, koma wogula auzidwe kuti maziko adzamudyera ndalama. Funsani za madzi akumwa. Damu la Mpira ku Ntcheu litauma mu 2018, mipopi ya kuno idakhala chete miyezi yambiri, ndipo mijigo ina ya m'boma lino imatulutsa madzi a mchere. Mayi amene adzakhale m'nyumbayo adzafunsa za madzi asanafunse za matailosi. Yezani mtunda kuchokera pa msewu: pa misewu ikuluikulu ngati M1, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati ndi malo a msewu. Njanji ili ndi malire ake, mawaya akuluakulu a ESCOM alinso ndi awo. Nyumba zolembedwa X wofiira zimene mumaziona m'mbali mwa misewu, zambiri zidagulidwa kudzera mwa munthu wina amene adati palibe vuto.

Phunzirani kuyeza. Ekala ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Puloti ya mamita 15 kwa 30 ndi masikweya mita 450. Pa pepala ekala ikhoza kutulutsa mapuloti otere asanu ndi atatu n'kutsalako, koma mukachotsa misewu amatsala ochepa. Amene amadula mapuloti osasiya msewu ndi amene atipatsa madera amene ambulansi singalowe, maliro amachita kudutsa pakhonde pa eni ake. Kudula malo m'tauni kumafuna pulani yovomerezedwa ndi khonsolo. Ndipo pa tsiku loonetsa malire, itanani oyandikana nawo mbali zonse zinayi, aone pamene mabikoni akuzikidwa. Mtengo wa mango si malire odalirika, anthu amadula.

Nanga poyambira ndi pati kwa munthu wopanda mpamba? Yambani ndi lendi. Ndalama yake ndi yochepa, koma ndi sukulu yabwino, ndipo cholakwa chake chimakonzeka. Tengani kope, muyende Majiga yense ndi madera ena a tauni ino, mulembe nyumba iliyonse ya lendi: mwini wake, zipinda, madzi, magetsi, mtengo, ndi mwezi umene wokhalamo akuyembekezeka kutuluka. Dziwanani ndi a kuchipatala cha boma, a kupolisi, a ku ofesi ya maphunziro ndi a mabungwe, chifukwa anthu awo amasamutsidwa chaka chilichonse, ndipo namwino wochokera ku Mzimba amafika ndi katundu pa lole asakudziwa aliyense. Mukamupezera nyumba yabwino, n'kumuuziratu zoona kuti denga la kukhitchini limadontha, iyeyo ndi amene adzatumize anzake kwa inu. Ikadzakwana nthawi yoti agule puloti, sadzafunsa wina. Za ndalama yoonera nyumba, imene ena amatolera kwa anthu khumi pa nyumba imodzi imene akudziwa kuti idatengedwa kale, ine ndimaitcha kuba. Ngati pali mtengo wa mayendedwe, unenedwe poyera, ndipo nyumbayo ikhale ilipodi.

Kuchoka pa kupezera anthu nyumba, khwerero lotsatira ndi kuyang'anira nyumba za eni ake amene ali kutali: kutolera lendi, kukonzetsa zowonongeka, kutumiza lipoti mwezi ndi mwezi. Apa ndi pamene pali ndalama yokhazikika, yosadikira mwayi. Abale athu ambiri a ku Balaka, Machinga ndi Mangochi ali ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Amagwira ntchito zowawa, amatumiza ndalama pa Mukuru kuti kumudzi kumangidwe nyumba, ndipo nkhani imene amaidziwa onse ndi ya munthu amene ankalandira zithunzi za nyumba ikukwera pa WhatsApp, pobwera n'kupeza kuti zithunzizo zidali za nyumba ya eni ake. Nthawi zambiri wowadyerayo amakhala m'bale wawo weniweni. Anthu amenewa akusakasaka munthu wachilendo amene angamukhulupirire kuposa m'bale. Mukakhala munthu ameneyo, wotumiza malisiti osafunsidwa, woyenda ndi foni pa malopo kuti mwiniwake aone yekha pa vidiyo, dzina lanu lidzayenda m'nyumba zonse zimene Amalawi amagona mothithikana kumeneko, popanda inu kulipira kobiri la malonda pa wailesi.

Za ndalama ndinene mosapsatira. Gwirizanani za komishoni musanayambe ntchito, ndipo zilembedwe: ndi zingati, alipira ndani, liti. Pali chizolowezi choti mwini malo akati ndikufuna 3 miliyoni, ejenti amakauza wogula kuti 4 miliyoni, n'kudya yapamwambayo mwakachetechete, kenaka n'kubwereranso kwa mwini malo kukapempha komishoni. Pa tauni ngati ino wogula ndi wogulitsa adzakumana basi, kaya ndi pa maliro, kaya ndi pa chigayo, ndipo adzafunsana. Akumanitseni nokha, mtengo utchulidwe onse ali pomwepo. Ndalama yogulira isadutse m'thumba mwanu. Ichoke kwa wogula kupita kwa wogulitsa kudzera kubanki kapena kwa loya, pakhale umboni. Lendi imene mukutolera m'malo mwa landilodi ikhale ku akaunti yakeyake, yosiyana ndi yanu. Ambiri amene adagwa pa ntchitoyi sadayambe ndi mtima wakuba. Adangobwereka lendi ya eni ake kuti alipire fizi ya mwana, akuti ndibweza Lachisanu. Ndipo popeza malonda a malo amabwera mwa apo ndi apo, mwezi wa phwando n'kutsatana ndi miyezi inayi ya chilala, musasiye msanga ntchito kapena geni imene muli nayo.

Za sukulu ndi ziphaso. Ntchitoyi ili ndi malamulo ake. Kuyambira 1989 padali lamulo loyang'anira oyeza mitengo ya malo, maejenti ndi ogulitsa pa okushoni, ndi bodi yake yolembetsa anthu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza malamulo atsopano, Real Estate Management Act ndi Property Valuation Act, ndipo cholinga chake n'choonekeratu: wogwira ntchitoyi akhale wolembetsedwa ndi wa chiphaso. Masiku oti munthu angodzuka n'kulemba pa Facebook kuti ndine ejenti akupita kumapeto. Amene mudakhoza bwino MSCE, ku MUBAS ku Blantyre, imene kale inkatchedwa Polytechnic, kuli maphunziro a Land Economy, ndipo ku Mzuzu University kuli maphunziro a kayendetsedwe ka malo. Kuli bungwe la akatswiri la Surveyors Institute of Malawi. Kuli makampani akale ngati Knight Frank ndi MPICO, komanso Malawi Housing Corporation ya boma, kumene munthu angaphunzire ntchito. Amene simungafike ku yunivesite, funani munthu wolembetsedwa mugwire pansi pake. Iye akufuna maso ndi miyendo kuno kumudzi, inu mukufuna chiphaso chake ndi nzeru zake. Lembetsani bizinesi yanu, tengani TPIN ku MRA. Ndipo musamatchule mtengo wa nyumba ngati kuti ndinu woyeza wovomerezeka. Banki siidzalandira mawu anu.

Dziwaninso kuti lamulo la Financial Crimes Act la 2017 lidaika maejenti a malo m'gulu la anthu oyenera kudziwa bwino kasitomala wawo ndi kukanena ku Financial Intelligence Authority akaona zokayikitsa. Amene mukukumbukira Cashgate ya 2013 mukudziwa chifukwa chake: ndalama yakuba imakonda kubisala m'njerwa. Munthu akabwera ndi chikwama cha ndalama, osafuna risiti, osafuna kuonetsa chiphaso cha unzika, osanenerera n'komwe mtengo, musasangalale.

Ndatsala ndi chinthu chimodzi, chimene lamulo silingakuuzeni. Boma lathu ndi louma, ndipo chaka cha njala malo amatsika mtengo. Mu Januwale ndi Febuluwale kudzabwera mayi amene nkhokwe yake idatha kalekale, akufuna kugulitsa munda wonse pa mtengo wa matumba ochepa a chimanga. Mbumba yavomera, mapepala ali bwino, wogula wa ku Blantyre ali pa foni akudikira. Palibe amene adzakumangeni. Koma inu ndi amene mukudziwa mtengo weniweni wa malowo, ndipo mayiyo sakuudziwa. Muuzeni. Mufunseni ngati sangabwereketse mundawo kwa chaka chimodzi kapena ziwiri m'malo mogulitsa, kapena kudula kachigawo ka kumsewu kokha n'kusunga kotsalako. Kubwereketsa munda kulinso ndi komishoni yake, yochepa inde, koma ilipo, ndipo pangano lake mulembe bwino lomwe, zaka zake zioneke, mboni zisaine, kuti wobwerekayo asadzasanduke mwini. Zimenezi zidzachuluka kumbali ya Kangankunde ndi m'mbali mwa njanji, kumene anthu a ndalama akuyamba kugula malo kuti adzagulitse mawa. Iwo adzafuna mnyamata kapena mtsikana wa konkuno, wodziwa Chiyao ndi Chichewa, wodziwa khomo la agulupu, kuti aziwatsogolera. Adzabwera kwa inu, ndipo adzafunsa kuti ndani m'mudzimu ali pa mavuto.